Lipoti la ntchito yofufuza zitsulo zokwiririka m'katondo wa maginito ambiri

Ntchito imene tinaitanidwira

Eni malo ankafuna kuwonjezera nyumba yakale, ndipo katapila asanayambe kukumba maziko panafunika kudziwa pamene pali zinthu ziwiri: zikhomo zachitsulo za m'malire, ndi paipi ya madzi yodutsa pansi. Mapu akale ankasonyeza zikhomo zinayi, chilichonse chitsulo cha mamilimita 12 chokhomedwa choimirira, koma dothi limene anathira posalaza malowo linazikwirira zonse. Paipiyo ndi ya pulasitiki. Ikadakhala yachitsulo kapena ya kopa ntchito ikadaphweka, chifukwa tikadangolumikiza kumpopi makina otumiza siginolo ya 33 kHz n'kuilondola mpaka kumene yathera. Pulasitiki sanyamula magetsi, ndiye chotiuza njira ya paipiyo chinali mavavu ake awiri amkuwa ndi timajoini tamkuwa tolumikizira, basi.

Tisanaitanidwe, anyamata a kontilakita anali atayendapo kale ndi ditekita yawo, makina ofufuzira zitsulo pansi. Inali ya mtundu wa VLF (yotumiza mafunde osalekeza m'dothi), ya frequency (liwiro la mafundewo) imodzi, ya koyilo (mbale ya kunsonga yoyenda pamwamba pa dothi) yozungulira wamba, yopanda pokonzera ground balance, kumene ndi kuuza makina kuti asamve dothi lenilenilo. Malinga ndi bambo amene ankawayang'anira, makinawo ankangolira paliponse. Anakumba maenje apa ndi apo osapezamo kanthu. Atatopa anakweza discrimination, pouzira makina mitundu ya zitsulo yoti asailirire, mpaka makinawo anakhala chete, anayendanso malo onse, n'kulemba kuti pansipo palibe chitsulo. Lipoti limenelo ndilo linadabwitsa eni malo, poti madzi akutuluka kumpopi tsiku ndi tsiku ndipo akudzera penapake.

Anyamatawo sindikuwadzudzula. Makina awo pamchenga amagwira ntchito bwinobwino, ndipo palibe anawauzapo kuti ditekita ikakhala chete pangakhale zifukwa ziwiri, kuti pansi palibe kanthu kapena kuti yasiya kumva.

Dothilo

Choyamba ndinafuna kudziwa ngati phokosolo likuchokera pansi kapena m'mlengalenga. Njira yake n'njapafupi: kunyamula koyilo m'mwamba, kuigwira osaigwedeza, n'kumvetsera. Makina akamabwebwetabe ali m'mwamba, vuto ndi mawaya amagetsi, thiransifoma, mpanda wamagetsi kapena ditekita ina yapafupi. Athu anangoti duu. Kutsitsa koyilo, kulira kunayamba isanafike n'komwe pansi.

Dothi la pamalopo ndi katondo wofiira, wonyata akanyowa, wouma gwa padzuwa, wa ming'alu yolowa chala. M'kati mwake muli timiyala tozungulira, takuda mofiirira, tosaposa sentimita imodzi. Ambiri a ife ofufuza zitsulo tikaona kufiira timati vuto ndi limenelo, koma kufiirako pakokha sikunena zambiri. Mtundu wofiira umachokera ku hematite, ndipo wachikasu umachokera ku goethite. Zonse ziwiri ndi dzimbiri la chitsulo lachilengedwe, koma maginito amazikoka pang'ono zedi. Zosokoneza makina ndi mitundu ina ya dzimbiri lomweli, magnetite ndi maghemite, zimene mphamvu yake yomvera maginito imaposa ya hematite kuwirikiza mazana angapo. Zikangokhalamo pang'ono, zosakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 100 a dothi, ndizo zimalamulira mmene ditekita iliriramo. N'chifukwa chake pali katondo wofiira psu amene makina amadutsapo osadandaula, pomwe dothi lina lotuwa lochokera ku miyala ya basalt limawagonjetsa. Maso sangasiyanitse zimenezi, pamafunika kuyeza.

Ndinatapa dothi louma dzanja limodzi, ndinalipera mpaka kusanduka fumbi, n'kuvundulamo ndi maginito a neodymium okulungidwa m'kathumba ka pulasitiki. Potulutsa, kathumbako kanali katakutidwa ndi tinthu takuda tating'onoting'ono titaima njo m'mizere. Timiyala tina tinkachita kudumpha pachikhatho kupita kumaginitowo. Kuchotsa maginito m'kathumba, zonse zinayoyokera papepala loyera, ndipo bambo woyang'anira uja ataona mulu wake anasiya kunena kuti makina a anyamata ake ndi owonongeka.

Kuyeza kwenikweni tinachita ndi mita ya Bartington MS2, imene sensa yake ya MS2B imayeza dothi pa ma frequency awiri, 465 Hz ndi 4,650 Hz. Pogawa dothi ndimatsatira CWA 14747, mgwirizano umene bungwe la CEN la ku Ulaya linatulutsa mu 2003 woyesera makina a anthu ochotsa mabomba okwirira pansi. Amenewo ndiwo alimbana kwambiri ndi vutoli, m'madothi a ku Cambodia, Laos, Mozambique ndi Croatia, poti kwa iwo siginolo yotayika ndi mwendo wa munthu. Mgwirizanowo umagawa dothi panayi malinga ndi magnetic susceptibility, kutanthauza mmene dothilo limamvera maginito, poyeza mu 10^-5 SI: lochepera 50 ndi lofatsa, la 50 mpaka 500 ndi lovutirapo, la 500 mpaka 2,000 ndi lovuta, loposa 2,000 ndi lovuta koopsa. Gawo lalikulu la malo athu linagwera m'gulu lachitatu. Ngodya imodzi, ya kumbuyo kwa nyumba, inadumphira m'gulu lachinayi.

Nambala imeneyo ndi theka chabe la nkhani. Chimene ndimayang'anitsitsa ndi kusiyana kwa miyezo iwiri ija. Ngati dothi likuwerenga mofanana pa 465 Hz ndi pa 4,650 Hz, tinthu take ta maginito n'tokulirapo, timamvera mphamvu ya koyilo nthawi yomweyo n'kuisiya nthawi yomweyo. Koma tinthu tating'onoting'ono kwambiri, ta ma nanomita 20 mpaka 30 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), timachedwa: timatenga kanthawi kuti titembenuke, timatenganso kanthawi kuti tibwerere. Kuchedwa kumeneku ndiko akatswiri amati magnetic viscosity, ndipo pamita kumaoneka ngati kutsika kwa nambala pa frequency yapamwamba. Kusiyana kochepera 2 peresenti kumasonyeza kuti tinthu totere mulibe kwenikweni, pomwe kwa 10 peresenti kupita m'mwamba kumasonyeza kuti ndito tachuluka. Dothi la pangodya ija linayandikira 10. Kwa ditekita kuchedwa kumeneku n'koipa kuposa kuchuluka kwa maginito, chifukwa chitsulo chenicheni nachonso makina amachizindikira ndi kuchedwa kwa siginolo yake.

Nditafunsa za ngodyayo, eni malo anati ndi pamene ankaunjika mitengo ndi zinyalala n'kumaziwotcha kwa zaka zambiri. Zinagwirizana ndi zimene wasayansi wa ku France, Eugène Le Borgne, analemba mu 1955 ndi 1960, kuti dothi lapamwamba nthawi zambiri limakhala ndi maginito ambiri kuposa lapansi, ndipo moto ndi chimodzi mwa zochititsa. Moto ukamayaka pamwamba, dothi lapansi pake limatentha lili losowa mpweya, hematite imasanduka magnetite, kenako pozizira mpweya ukabwerera imasanduka maghemite, yambiri mwa iyo m'tinthu tating'onoting'ono tija. Ofufuza zakale amakondwa nazo zimenezi chifukwa zimawaonetsa pamene panali ng'anjo kapena moto wa anthu akale. Kwa ife ndi chipsinjo.

Amene alibe mita angayeze ndi ditekita yomweyo. Ikani makina pa all metal, pamene amalirira chitsulo cha mtundu uliwonse, osakonza ground balance, yambani koyilo ili m'mwamba, muziitsitsa pang'onopang'ono pamalo opanda chitsulo mpaka dothi liyambe kumveka, muyeze kutalikako ndi tepi. Ochotsa mabomba ali ndi muyezo wofanana ndi umenewu umene amautcha ground reference height. Nambala yake simungaiyerekeze ndi ya makina a munthu wina, koma pamalo amodzi imakuonetsani mbali yovuta ndi yofatsa. Pangodya ija dothi linkamveka koyilo ili pamwamba kwambiri kuposa kwina konse.

Chimene chimachitika m'makina

Ditekita ya VLF imatumiza mafunde osalekeza, kawirikawiri pakati pa 3 ndi 30 kHz, ngakhale zina zofufuzira golide zimakwera kuposa apo, monga Fisher Gold Bug 2 ya 71 kHz. M'kati mwa mbale yake muli koyilo yotumiza ndi koyilo yolandira, ndipo yolandirayo imaikidwa mwakuti isamve yotumizayo. Chitsulo chikayandikira, mafundewo amayambitsa timagetsi tozungulira m'kati mwake, timagetsito timabweza siginolo yochedwerapo pang'ono, ndipo kuchedwako ndiko makina amakusandutsa nambala ya pasikirini ndi kaliridwe.

Dothi la maginito nalonso limabweza siginolo, ndipo ndi yaikulu kwambiri poyerekeza ndi ya kajoini kamkuwa kamene kali pansi patali. Dothi lili paliponse pansi pa koyilo, masentimita awiri okha kuchokera pa iyo. Zili ngati kufuna kumva munthu akunong'ona uli pambali pa injini yolira. Ground balance, imene inafala m'makina kuyambira m'zaka za m'ma 1970, imasankha kachedwedwe ka siginolo ya dothi n'kuuza makina kuti asakamve. Zimatheka bwino ngati dothi ndi lofanana ponseponse. Katondo wathuyu sanali wotero. Timiyala tija tinali ndi kachedwedwe kakekake, dothi lowotchedwa lakenso, ndipo pamene anathira dothi lochokera kwina panali malire amene makina ankalirapo ngati pali waya.

Pali chinanso chimene dongo limachita chimene mchenga suchita. Likanyowa limanyamula magetsi, chifukwa tinthu ta dongo timasunga mchere wosungunuka pamwamba pake. Siginolo ya kunyamula magetsi ili kutali ndi ya maginito pa muyezo wa ground balance, ndipo makina a frequency imodzi amangotha kufafaniza imodzi mwa ziwirizi panthawi imodzi. Ukaletsa maginito, chinyezi chimamveka. Ukaletsa chinyezi, maginito amabwerera.

Munthu akaona kuti makina sakufika pansi, dzanja limathamangira kokweza sensitivity, kumva kwa makinawo. Masamu ake sakuvomereza. Kwa kachitsulo kakang'ono, kuya kukawirikiza kawiri siginolo imachepa kuwirikiza pafupifupi ka 64, chifukwa mphamvu imatha popita n'kuthanso pobwerera. Ndiye ngakhale muwirikize kawiri kumva kwa makina, kuya kumangowonjezeka ndi 12 peresenti, pomwe phokoso la dothi lawirikiza kawiri kenikeni. Pamchenga 12 peresentiyo mumaipeza yaulere. Pakatondo wotere mumataya zambiri kuposa zimene mwapeza.

Nambala ya pasikirini ndiyo imanamiza kwambiri. Makina amawerenga siginolo ya chitsulo ndi ya dothi zitasakanizika, ndipo dothi la maginito limawerengeka kumbali ya chitsulo wamba. Mkuwa ukakhala pafupi umalipambana dothi n'kuwerengeka ngati mkuwa. Ukamapita pansi nambala yake imayamba kudumphadumpha, kenako imagwera kumbali ya misomali. Amene wakweza discrimination kuti asamve misomali ndiye kuti watayanso mkuwa wonse wakuya. Mavavu aja anyamata a kontilakita anawaphonya motero. Zikhomo ndiye sakadazimva n'komwe, poti n'zachitsulo wamba, chimene iwo anauza makina kuti akane.

Ngalande yoyesera

Kuyesa makina m'mwamba, kugwedeza vavu patsogolo pa koyilo, kumangotsimikiza kuti makinawo ndi amoyo. Za dothi sikunena kanthu. Kukumba dzenje, kuikamo chitsulo n'kukwirira nakonso kumanamiza pakatondo, chifukwa dothi lobwezeredwa silithina ngati loyamba ndipo lapamwamba limasakanikirana ndi lapansi, moti dzenjelo limalira lokha ngakhale mulibe kanthu.

Tinakumba ngalande ziwiri zazifupi, ina pamalo wamba, ina pangodya yowotchedwa. M'khoma la ngalande iliyonse tinaboola timabowo topingasa ndi ndodo ya pulasitiki yolimba, pakuya kwa masentimita 10, 15, 20, 25 ndi 30, kulowa m'kati pafupifupi theka la mita kuti koyilo ikamadutsa pamwamba isamve mphepete mwa ngalande. Dothi la pamwamba pa mabowo silinakhudzidwe. Zoyesera tinkazimanga kunsonga kwa ndodo ndi tepi ya pepala n'kumazilowetsa bowo ndi bowo: vavu yamkuwa yofanana ndi zimene zili papaipi, kajoini kamkuwa, chidutswa cha chitsulo cha mamilimita 12, ndi kampira kachitsulo ka mu beyaring'i, kamene ubwino wake ndi woti kamalira chimodzimodzi kulikonse kumene kayang'ana. Wogwira ditekita ankayang'ana kumbali pamene mnzake akulowetsa ndodo, ndipo nthawi zina ndodoyo inkalowa yopanda kanthu. Izi n'zofunika. Munthu akadziwa kuti pansi pali chinthu, khutu lake limachimva m'phokoso lililonse.

Makina a kontilakita aja, atasiyidwa mmene anyamatawo anawasiyira, anamva vavu pa masentimita 10 basi. Kajoini sanakamve paliponse.

VLF yathu ya frequency imodzi, ya koyilo ya DD (ya timakoyilo tiwiri tooneka ngati chilembo cha D), titakonza ground balance ndi dzanja n'kutsitsa sensitivity mpaka phokoso litangotsala pang'ono, inamva vavu bwino mpaka pa 20, pa 25 mokayikitsa. Nambala yokhulupirika inathera pa 15. Pa 20 inkadumpha pakati pa mkuwa ndi chitsulo wamba kutengera mbali imene koyilo yachokera. M'mwamba vavu yomweyo makinawa amaimva patali pafupifupi kuwirikiza kawiri. Titaika koyilo yozungulira wamba ya kukula kofanana, phokoso linachuluka moti tinatsitsanso sensitivity, ndipo pa 20 panasowa. Koyilo ya DD imamva kamzere kopyapyala pakati pake m'malo mwa dothi lonse lapansi pake nthawi imodzi, n'chifukwa chake imapirira. Koyilo yaikulu kwambiri, imene ambiri amaigula pofuna kuya, tinaibwezera m'chikwama msanga, poti inkangomeza dothi lambiri.

Ditekita ya ma frequency angapo nthawi imodzi, ya gulu la Minelab Equinox, pakuya sinaipose kwenikweni inzakeyo dothi lili louma. Kumene inapambana ndi kukhazikika kwa nambala, komanso dothi litanyowa, monga ndifotokozera. Poiika pa frequency imodziimodzi, yotsika inkamva dothi pang'ono koma inkataya kajoini, yokwera inkamva kajoini kosaya bwino koma inkalirira kamwala kalikonse.

Pangodya yowotchedwa zonsezi zinatsika. Palibe VLF imene inamva vavu kupitirira masentimita 15 mosakayikitsa.

Makina a pulse induction, kapena kuti PI, amagwira ntchito mwanjira ina. Amatumiza magetsi mwamphamvu, amazimitsa mwadzidzidzi, amadikira ma microsecond angapo (microsecond ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi), kenako amamvetsera. Maginito osachedwa aja amakhala atazimiririka kale nthawi yomvetsera isanakwane, ndipo n'chifukwa chake anthu amati PI simva dothi. Zimenezo n'zoona mbali imodzi. Tinthu tochedwa tija timamvekabe, ndipo PI yopanda ground balance, monga zija zofufuzira m'madzi a m'nyanja, pakatondo wotere imalira ngati china chilichonse. Chopulumutsa n'chakuti siginolo ya dothi imazima mwanjira yodziwika, pang'onopang'ono motsatira nthawi, pomwe ya chitsulo imagwa mofulumira mwanjira ina. Makina amatenga muyezo woyamba ndi wochedwa n'kuchotsera wina pa unzake kuti dothi lifafanizike. Kampani ya Minelab, imene inayamba ku Adelaide mu 1985, inatchuka ndi zimenezi pamene SD2000 inatuluka mu 1995 n'kutsegulanso minda ya golide ya ku Australia imene VLF inkalephera.

PI yathu ya ground balance inamva vavu pa 30 m'ngalande yoyamba, ndi pa 25 pangodya. Koma ili ndi mavuto ake awiri. Loyamba, sisiyanitsa bwino mkuwa ndi msomali, ndipo pamalo amene panamangidwapo nyumba misomali ndi tizidutswa ta waya sizisowa. Lachiwiri ambiri salidziwa: kuchotsera kuja kumasiya mpata. Chitsulo chimene siginolo yake imazima mofanana ndi ya dothi chimafafanizika limodzi ndi dothilo. Pamakonzedwe oyamba kajoini kathu kanagwera pafupi ndi mpata umenewu, kankamveka mofooka pa 10 pomwe kampira kachitsulo, kocheperapo, kankamveka bwino. Titasintha timing, nthawi zimene makina amatengera miyezo ija, kanabwerera. Tikadapanda kuyesa ndi chinthu chenicheni chimene tikufunafuna, tikadayenda ndi makina amphamvu osamva timajoini tonse.

Kufufuza

Zikhomo sitinazifune ndi ditekita. Chitsulo choimirira m'dothi chimatenga mphamvu ya maginito a dziko lapansi n'kukhala maginito pachokha, ndipo chida choyenera ndi magnetic locator, ndodo ya masensa awiri imene imamva kusiyana kwa mphamvuyo pamwamba ndi pansi, monga za Schonstedt. Siitumiza kanthu m'dothi, choncho chinyezi sichiikhudza. Katondo wa maginito amaisokonezabe pamene pali dzenje kapena mtumbira, koma kulira kwa pamenepo n'kotambalala, pomwe pamutu pa chikhomo kumakwera tsonga pakamalo kakang'ono. Tinayeza ndi tepi kuchokera pamakona a nyumba motsatira mapu, n'kufufuza mozungulira pamene tepi yatifikitsa. Zitatu zinapezeka mosavuta. Chachinayi chinali chogona, chopindika, chakutali ndi pamene chimayenera kukhala, mwachidziwikire chinakokedwa ndi makina osalaza malo. Tinachisiya pomwepo n'kulemba kuti malire a ngodya imeneyo akayezenso saveya. Mkuwa ndodo imeneyi siumva n'pang'ono pomwe, ndiye pa paipi inalibe ntchito.

Pa paipi tinamanga zingwe kugawa malo m'mizere ya mita imodzi, kuchokera pa mita ya madzi kulunjika kunyumba. Patsogolo pankayenda PI, paliponse pamene yalira n'kubzalapo kandodo ka pulasitiki. Pambuyo pankabwera ya ma frequency angapo ili pa all metal, kuti ichotse zachidziwikire: msomali wosaya umalira kawiri ukaudutsa motsatira utali wake, ndipo nambala yake sisuntha. Lamulo linali lakuti chilichonse chimene PI yamva koma VLF sinachimve, kapena yachimva nambala ikudumpha, chikumbidwe.

Zing'onozing'ono zingapo zinasintha ntchito kuposa mmene munthu angaganizire. Koyilo iyenera kukhala pamtunda umodzi kuchokera pansi. Dzanja likatopa limainyamula kumapeto kwa mzere, ndipo pakatondo wotere kunyamukako pakokha ndi siginolo. Tinkayenda pang'onopang'ono, mzere uliwonse kuphimba theka la unzake. Ground balance tinkaikonzanso tikangoona dothi lasintha mtundu kapena kamvekedwe, ndipo tracking, imene imakonza yokha ground balance munthu akuyenda, tinkaizimitsa tikamva kanthu kofooka, chifukwa ukadutsadutsa pamalo amodzi makina amayamba kuyesa kachitsuloko ndi dothi n'kukafafaniza, iwe n'kumati kanali kabodza. Panthawi ina makina amene anali chete anayamba kulira ngakhale pamalo amene tinali titayeretsa kale. Kutsegula chivundikiro cha pansi pa koyilo, munali mutalowa fumbi la katondo lokwana supuni, likuseweramo koyilo ikamagwedezeka. Titapukuta anakhalanso bwino.

Maenje a anyamata aja anatidyera nthawi yambiri. Lililonse linkalira, chifukwa pokwirira anabwezeramo dothi lapamwamba la maginito ambiri pansi, lapansi pamwamba. Ming'alu ikuluikulu nayonso inkamveka. Pamene dothi lonse ndi la maginito, mpata wopanda dothi makina amauona ngati chinthu. Kulira kwake n'kotambalala, kopanda pakati penipeni, ndipo ukanyamula koyilo masentimita awiri kapena atatu kumazimiririka msanga kuposa kwa chitsulo chachikulu chakuya. Timiyala tija tinkasiyanitsa mwa kutikankha ndi nsapato: siginolo ikasamuka ndi kamwala, nkhani yatha.

Ntchito ili m'kati kunagwa mvula yamphamvu, ndipo tinabwerera kungalande kukayesanso. Pali chikhulupiriro pakati pathu chakuti dothi lonyowa limawonjezera kuya. Pamchenga ndi dothi lofatsa ena amaonadi choncho. Apa zinali zosiyana. Ground balance ya VLF ya frequency imodzi inasuntha, ndipo panalibe pamene tinaiika n'kukhala chete mbali zonse: pa 20 pamene inkamva bwino panasanduka pokayikitsa. Ya ma frequency angapo inasintha pang'ono chabe, poti imatha kuyerekeza mayankho a ma frequency osiyana n'kuchotsa gawo la chinyezi palokha. PI inafuna kuti tichedwetseko nthawi yoyamba kumvetsera, zimene zinachepetsa kumva kwake kwa tinthu tating'ono koma vavu sinakhudzidwe. Chabwino chimodzi chimene mvula inachita ndi kutseka ming'alu.

Vavu yoyamba inapezeka pakuya kwa masentimita pafupifupi 25. PI inaimva momveka bwino, VLF inangoti pali chitsulo wamba chofooka, chinthu chimene munthu wofufuza mkuwa yekha akadachidutsa. Timajoini tiwiri tinapezeka pamzere womwewo, ndipo tinatipatsa njira ya paipi mpaka pamene ikulowa pangodya yowotchedwa. Pamenepo tinataya mzere. Vavu yachiwiri sinamveke ndi makina alionse.

Zimene tinalembera eni malo

M'lipoti la eni malo ndinakana kulemba mawu akuti malo ndi oyera, ngakhale a kontilakita ankawafuna kuti katapila ayambe. Ndinalemba kuti pagawo lalikulu, chinthu chamkuwa chokula ngati vavu chikadamveka mpaka pa masentimita 30, ndipo chokula ngati kajoini mpaka pa 15, malinga ndi zimene ngalande yoyesera inasonyeza m'dothi lomwelo, louma ndi lonyowa. Pangodya yowotchedwa ndinalemba 25 kwa vavu ndi 10 kwa kajoini. Kupyola pamenepo sitinafufuze, ngakhale tinayendapo ndi makina. Mapu amene tinapereka ali ndi mitundu iwiri yosonyeza kusiyana kumeneku, pamodzi ndi mtundu wa makina, koyilo ndi makonzedwe amene tinagwiritsa ntchito, kuti wina akadzabwera adzathe kubwereza kapena kutitsutsa.

Eni malo anafunsa za radar yoona pansi, poti anamva kuti imapeza mapaipi a pulasitiki. Imapezadi pamchenga wouma, koma dongo lonyowa limameza mafunde ake pafupi kwambiri ndi pamwamba, ndipo sindinaone chifukwa chowalipiritsa ulendo wa makina amene akadabwerera ndi zithunzi zosaoneka kanthu.

Pangodyapo tinalangiza njira yochedwa. Apale dothi ndi fosholo masentimita 10 mpaka 15 panthawi imodzi, alichotse kutali ndi pamalopo, tiyendeponso ndi PI, kenako apalenso. Kupala kumeneku kumayandikitsa koyilo ku chimene chikufunidwa, komanso kumachotsa dothi lapamwamba lowotchedwa, limene ndilo la maginito ambiri. Katapila asayandikire mamita awiri mbali zonse za mzere umene timajoini tija tikuloza mpaka paipiyo itaoneka ndi maso. Atapala kachiwiri phokoso linatsika mpaka kufanana ndi la malo ena onse, ndipo vavuyo inamveka, itapatuka pang'ono pamzere, pakuya koposa masentimita 40 kuchokera pamwamba pakale. Paipi inakhota pamenepo kulowera kumene mapu sanasonyeze, m'kati mwa malo amene anakonza kukumbapo maziko, ndipo a kontilakita anaisuntha asanayambe kukumba.